Foni ndi ya amayi, koma imagona ndi mwana

Mlamu wanga amagulitsa tomato, anyezi ndi kapenta pamsika wa ku Mtendere, mu Lusaka. Ali ndi foni imodzi yokha, yong'aluka galasi pakona, ndipo foniyo sipuma. M'mamawa amaimbira anthu a kumsika waukulu wa Soweto kufunsa mtengo wa bokosi la tomato, masana imalandira ndalama za makasitomala, madzulo ikangolowa pageti yasanduka ya ana. Mwana wake woyamba, mtsikana wa zaka 13, amaichingamira asanalandire n'komwe dengu. "Amayi, ndibwerekeniko foni, aticha atumiza homuweki pagulu." Sanama ayi, homuweki imakhalapodi. Koma ntchito ya mphindi 20 imatha, foni osabwerera. Mwini wake amakaipeza m'mawa pansi pa pilo ya mwana, batire itatha psiti, bandulo ya sabata yonse itathera Lachitatu.

Lamlungu lina titaweruka kutchalitchi anandikokera pambali. "Alamu, inu mumazidziwa zinthu izi. Ndimulande kapena ndimusiye?" Ndinachita chibwibwi, chifukwa funsolo limaoneka laling'ono pomwe lili ndi mphanda zambiri. Zomwe ndikulemba pano ndi zomwe ndinayenera kumuuza tsiku limenelo.

Intaneti si mlendo wadzulo m'dziko muno. Inafika mu 1994 kudzera ku ZAMNET, kampani yomwe inabadwira pa yunivesite ya UNZA, ndipo Zambia inali pakati pa mayiko oyambirira mu Africa kulumikizidwa. Kwa zaka zambiri inali ya m'maofesi. Kenako kunabwera makafe a intaneti, aja tinkalipira mphindi m'tauni. Sitinkazindikira kuti kafe inali ndi ulonda wake: kompyuta inali poyera, mwini kafe ankadutsadutsa kumbuyo kwako, ndipo ndalama zikatha unkadzuka n'kupatsa wina mpando. Lero zonsezo zalowa m'thumba. Foni yakale umaipeza mu Katondo Street pamtengo wonenerera, MTN, Airtel, Zamtel ndi Zed Mobile akulimbirana makasitomala, intaneti yothamanga ya 5G inayamba mu 2022, ya pa setilaiti ya Starlink inafika mu Okutobala 2023. Lipoti la UNICEF la 2017 linati pa anthu atatu alionse ogwiritsa ntchito intaneti padziko lonse, mmodzi ndi mwana wosakwana zaka 18.

Koma mwana wa ku Lusaka salowa pa intaneti momwe amalowera mwana wa ku London, ndipo apa ndi pomwe pagona nkhani. Polembetsa SIM khadi pamafunika NRC, chitupa cha unzika, ndipo NRC munthu amatenga akakwanitsa zaka 16. Choncho mwana wa giredi 6 amene ali pa WhatsApp akuyendera dzina la munthu wamkulu, kaya amayi ake, amalume ake kapena mkulu wake. Facebook, Instagram ndi TikTok amati wosakwana zaka 13 asatsegule akaunti. Ambiri timaganiza kuti nambala ya 13 inachokera kwa madokotala amene anapima ubongo wa mwana n'kupeza kuti pamenepo wakhwima. Ayi ndithu. Inachokera ku lamulo la ku America la 1998, lotchedwa COPPA, loletsa makampani kutolera zambiri za mwana wosakwana zaka 13 popanda chilolezo cha makolo. Makampaniwo anaona kuti kupempha chilolezo n'chintchito, ndiye anangolemba kuti ochepera pamenepo asalowe. Mlonda wa pakhomopo ndi kabokosi kofunsa chaka chobadwa. Mwana wa zaka 10 amalembamo 1999, chitseko n'kutseguka.

Zotetezera ana zilipo. YouTube Kids ilipo kuyambira 2015, mu 2023 TikTok inaika malire a mphindi 60 patsiku kwa osakwana zaka 18, mu 2024 Instagram inayambitsa maakaunti a achinyamata obisika kwa alendo. Zonsezi zimagwira ntchito pokhapokha makinawo akudziwa kuti wagwira foni ndi mwana. Pa foni ya mlamu wanga, makina amaona mayi wa zaka 38 amene masana amayang'ana mitengo, usiku n'kumaonera magule mpaka tambala woyamba. Amamutumizira zomwe amatumizira wamkulu aliyense: malonda a ngongole zamsangamsanga, zobetcha mpira, mavidiyo a m'mabala. Mpanda anamanga, koma mwana wathu amalowera pachipata cha akuluakulu.

Tisanayambe kuopsezana, tinene zabwino, chifukwa si zazing'ono. Sukulu zitatsekedwa pa 20 Malichi 2020 chifukwa cha Covid-19, makalasi olemba mayeso anabwerera pa 1 Juni, ena onse anadikira mpaka Seputembala. ZNBC inatsegula TV4 yophunzitsa, koma mphunzitsi wa pa TV sungamukwezere dzanja. Ana amene aphunzitsi awo anatsegula magulu a WhatsApp ankalandira ntchito, kulemba m'kope, kujambula n'kutumiza kuti ichongedwe. Mwana wa ku Kabulonga wokhala ndi Wi-Fi anapitiriza sukulu ali pabalaza. Mnzake wa ku Kanyama wopanda foni m'nyumba anakhala pafupifupi miyezi 6 akutunga madzi ndi kulera ang'ono ake. Zinabwerezanso kumayambiriro kwa 2024, kolera itachedwetsa kutsegulira sukulu mpaka pa 12 Febuluwale. Kholo lomwe limalumbira kuti mwana wake sadzakhudza foni mpaka atamaliza giredi 12 likumbukire miyezi imeneyo.

Chiyambire maphunziro aulere mu 2022, makalasi a m'makomboni anadzaza thothotho. Mphunzitsi, ngakhale akhale wamtima wabwino chotani, sangabwereze samu imodzi kasanu chifukwa cha mwana mmodzi wokhala kumbuyo. Vidiyo ya pa YouTube imabwereza ka 10, osatopa, osakalipa, osakuseketsa kwa anzako. Mwana wa mlamu wangayu mafulakishoni anamuvuta chaka chathunthu, koma anawamvetsa usiku umodzi poonera mphunzitsi wina wa ku India akudula chapati pepala lili pambali. Ndalama ya matyushoni amayi ake alibe. Pa foni yomweyo anaphunzira kuluka tsitsi, moti pano Loweruka amaluka ana a aneba n'kupeza ya sopo ndi mafuta odzola. Boma nalonso likufuna mwana adziwe kompyuta. Phunziro la makompyuta litalembedwa koyamba pa mayeso a giredi 9 mu 2015, m'sukulu zambiri makompyuta anali ochepa moti ana ankasinthana, ena n'kulemba mpaka usiku. Mwana wozolowera kufufuza chinthu, kutumiza fayilo ndi kulemba uthenga wolongosoka amafika pa mayeso oterewa ali kale patsogolo, ndipo mawa akamadzafunsira ntchito kapena malo a ku koleji, fomu idzakhala pa intaneti yomweyo.

Palinso zina zomwe sitiziwerengera. Bambo ali ku migodi ya ku Solwezi amaona dzino la mwana wake litatuluka. Ambuya ku Katete amaimbira mdzukulu nyimbo pa vidiyo. Mwana wosamva amacheza ndi mnzake m'chinenero chamanja ali ku Matero wina ali ku Chawama, chinthu chomwe foni yongoimba sinkatha. Ndiye pali mafunso aja mwana sangafunse amayi ake: za kusamba, za ziphuphu, za kusintha kwa thupi. Kumudzi ankayankha ndi azakhali ndi anamkungwi. M'tauni muno azakhali ali ku Chipata, choncho mwana amafunsa Google. Nthawi zina amapeza yankho la dokotala, nthawi zina la wogulitsa mankhwala okulitsa matako, ndipo onse awiri amaoneka aukhondo chimodzimodzi pa galasi la foni.

Ndipatuke pang'ono. Pafupifupi zonse zabwinozi zili m'Chingerezi. Google Translate inalandira Chichewa mu 2014, koma Wikipedia ya chinenero chathu ndi kamwana poyerekeza ndi ya Chingerezi. Mwina inunso mwakumana nako kamwana ka zaka 4 kolankhula ngati katuni ya ku America, koma ambuya akati "wauka bwanji" kamangoyang'ana amayi ake kuti amasulire. Ena amanyadira. Ine zimandiwawa.

Kuyambira Epulo 2024, mu WhatsApp ya ku Zambia munalowa Meta AI, kabwalo kaja koyankha funso lililonse. Kwa mwana wofuna kumvetsa ndi mphunzitsi wosagona. Kwa wofuna kungomaliza homuweki ndi wolemba ganyu waulere, ndipo kamalakwitsa molimba mtima, osachita manyazi. Homuweki imabwera yoyera, mamakisi okwera, kholo n'kumasangalala, koma m'chipinda cha mayeso a boma a ECZ foni siloledwa. Za malikeji ndiye tikuzidziwa. Mu Okutobala 2018 boma linaimitsa mayeso dziko lonse pepala la samu la giredi 9 litafalikira pa intaneti. Chaka chilichonse nyengo ya mayeso ikayandikira, m'magulu a WhatsApp mumatulukira anthu ogulitsa "mapepala enieni". Mwana amatumiza K50, amalandira pepala la chaka chatha losinthidwa deti, kapena salandira kalikonse.

Tsopano chifukwa chiyani ntchito ya mphindi 20 imafika 1 koloko usiku? Makolo ambiri amati mwana ndi wosamva. Pang'ono n'zoona, koma akulimbana ndi chinthu chopangidwa mwadala kuti chimugonjetse. TikTok, Facebook ndi YouTube salipiritsa polowa chifukwa ndalama zawo zimachokera kwa otsatsa malonda, ndipo wotsatsa amalipira maso a anthu. Ukakhalitsa, kampani yapindula. Choncho makinawo amawerenga chilichonse: vidiyo iti waionera mpaka kumapeto, iti waibwereza, pa iti chala chinaima masekondi atatu chisanapitirire. Safunsa ngati wasangalala kapena wakhumudwa. Amangoona kuti waima, n'kukubweretsera ina yofanana nayo koma yothira tsabola wambiri. Mtsikana akaima pa vidiyo ya wina wodandaula kuti ndi wakuda kwambiri, mawa adzapeza mavidiyo 20 a mafuta oyeretsa khungu. Nkhani ya pa wailesi imatha, buku lili ndi tsamba lomaliza, mbale ya nsima imaoneka pansi. Mavidiyo a pa foni alibe pansi. Mu 2021 Frances Haugen, amene ankagwira ntchito ku Facebook, anatulutsa zikalata zoonetsa kuti kampaniyo inkadziwa kuchokera pa kafukufuku wake womwe kuti Instagram imapangitsa atsikana ena kudana ndi matupi awo.

Pa za matenda a maganizo, akatswiri amatsutsanabe. Mu Meyi 2023 mkulu wa zaumoyo ku America, Vivek Murthy, anachenjeza kuti achinyamata okhala pa masamba amchezo maola oposa atatu patsiku ali ndi chiopsezo chowirikiza kawiri cha kukhumudwa ndi nkhawa. Otsutsa amafunsa kuti chinayamba n'chiti: foni ndiyo yadwalitsa mwana, kapena mwana wosweka kale mtima ndiye amathawira ku foni? Zonse ziwiri zimachitika. Chomwe sichifuna mtsutso ndi tulo. Wachinyamata amafunika maola 8 mpaka 10 usiku uliwonse, wa ku pulayimale oposa pamenepo. Koma bandulo yotchipa ndi yausiku, ndipo mu 2024, chilala chitachepetsa madzi m'damu la Kariba, magetsi ankazima maola oposa 20 patsiku n'kubwera pakati pa usiku. Nyumba yonse inkadzuka kutchaja, kusita ndi kuphika, ana nawo n'kuzolowera kuti nthawi ya foni ndi imeneyo. Mwana wosinza pa piriyodi yoyamba timamutcha waulesi, pomwe wagona maola anayi. Kwa tiana, malangizo a 2019 a WHO, bungwe la zaumoyo padziko lonse, ndi achindunji: wosakwana zaka ziwiri asamaikidwe pa sikirini, wa zaka 2 mpaka 4 asapitirire ola limodzi patsiku. Tonse timadziwa chomwe timachita mwana akayamba kulira mu minibasi ya ku Chelstone. Bungwe lomweli linaikanso chizolowezi cha magemu pa mndandanda wa matenda womwe unayamba kugwira ntchito mu 2022, koma silikunena mwana aliyense wokonda mpira wa pa foni. Likunena amene magemu amulanda sukulu, chakudya ndi anzake kwa chaka kapena kuposerapo, iye akuona kuti zikumuwononga koma osatha kusiya.

Foni ya amayi ilinso ndi chinthu china chomwe foni ya mwana wa ku London ilibe: mpamba wa bizinesi. Ndipo nambala yachinsinsi mwana amaidziwa, poti ndi iye amatumidwa ku buthi kukatapa ndalama. Apa ndi pomwe kandeke kamalowera. Kwa amene simunakaone, pa sikirini pamanyamuka kandege kofiira, nambala n'kumakwera, ndipo uyenera kutapa ndalama yako kasanathawe. Umaika K2, watapa K5, mtima uli m'mwamba. Masamu ake anawerengedwa kale kuti pa maulendo ambiri kampani itsale ndi gawo lake, ndipo tizipambano ting'onoting'ono tija ndi nyambo. Lamulo limaletsa wosakwana zaka 18 kubetcha, koma akaunti ili m'dzina la wamkulu. Ndikudziwa nyumba ina ku Chilenje komwe ndalama ya lendi inauluka ndi kandeke masiku atatu, mnyamata wa giredi 10 akuyesa kubweza K20 yomwe analuza poyamba. Akuba nawo sagona. Uthenga uja wakuti ndalama ija mutumize pa nambala iyi wamkulu amauseka, koma mwana wouzidwa kuti wawina foni yatsopano amatumiza nambala yachinsinsi mosangalala. Si masewera a anyamata a pakona okha. Mu Epulo 2024 a DEC, bungwe lolimbana ndi mankhwala osokoneza bongo, ndi apolisi anagwira anthu 77 pa nyumba ina ku Roma, dera la mu Lusaka, pamodzi ndi ma SIM khadi oposa 13,000. Ambiri mwa ogwidwawo anali achinyamata a konkuno olembedwa ntchito yocheza ndi anthu pa WhatsApp ndi Telegram motsatira mawu okonzedwa kale, ndipo nzika za ku China zomwe zinali m'gululo zinalamulidwa kukhala m'ndende zaka zapakati pa 7 ndi 11.

Kunyozana kwa ana kunalipo ife tikukula, koma kunkathera pageti la sukulu. Lero gulu la WhatsApp la kalasi limatsatira mwana mpaka m'bulangete. Wina amamujambula akusinza kukamwa kuli yasa, chithunzicho n'kuchisandutsa sitika, ndipo sitikayo imazungulira sukulu zitatu lisanalowe dzuwa. Akulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata. Pa intaneti mlomo ndi phazi zonse zimatsala. Ife makolo tisadziyeretse. Timaika pa Facebook chithunzi cha mwana ali mu yunifomu, baji ya sukulu ikuwerengeka, dzina lake lonse ndi tsiku lobadwa zili pamwamba. Ena amajambula mwana akulira atakodzera pamphasa kuti anthu aseke. Mwanayo adzakula, vidiyoyo idzakhala ikumudikira.

Chomwe chimandisowetsa tulo ine ndi china, ndipo ndichifotokoza mwatsatanetsatane chifukwa chimayenda m'njira yodziwika. Munthu wofuna kugwiririra mwana pa intaneti sayamba ndi zolaula. Amayamba ndi chifundo. Amayamikira chithunzi, amafunsa za mayeso, amakumbukira kuti dzulo mutu unkawawa. Chithunzi chake ndi cha mnyamata wooneka bwino wa zaka 16, chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Kenako amagula bandulo, kapena kutumiza talktime ya K10, ndipo kwa mwana amene bandulo yake imatha Lachitatu imeneyo ndi mphatso yaikulu. Pakapita masiku amati tichoke pano, tipite pa WhatsApp, ndipo amayesa madzi ndi kachinsinsi kakang'ono: usawauze amayi ako kuti ndakugulira, angakulande foni. Mwana akasunga chinsinsi choyambacho, munthuyo wadziwa kuti asunganso chachiwiri. Chithunzi choyamba chomwe amapempha chimakhala chabwinobwino, cha yunifomu. Chachiwiri chimatsika pang'ono. Tsiku lomwe chithunzi chamaliseche chatumizidwa, mawu okoma amatheratu. Tumiza china, kapena tikumane kuseri kwa msika, apo ayi ndichitumiza ku gulu la tchalitchi la amayi ako.

Anyamata asaganize kuti izi n'za atsikana okha. Iwo amakodwa ndi akaunti ya "mtsikana" wokongola amene amayamba ndiye kutumiza chithunzi, ndipo chomwe amafuna kumapeto ndi ndalama. Mu Julayi 2024 kampani ya Meta, mwini wa Facebook ndi Instagram, inatseka maakaunti a Instagram pafupifupi 63,000 a ku Nigeria ochita zimenezi. M'mayiko ena anyamata adzipha patangopita maola ochepa chiopsezocho chitayamba. Komanso tisamangoyang'ana kutali. Nthawi zambiri wochita zoterezi si mlendo wa kutsidya kwa nyanja. Ndi munthu wodziwa geti lanu, amene foni yangomupatsa njira yolankhulira ndi mwana inu muli m'chipinda chomwecho.

Taonani chida chomwe munthuyu wagwira. Si chithunzi chokha ayi. Ndi mantha omwe mwana ali nawo pa inu. Iye akudalira kuti mwanayo akuopa lamba wa atate ake, manyazi a amayi ake ndi kulandidwa foni kuposa momwe akuopera iyeyo. Nthawi iliyonse yomwe tamenya mwana chifukwa tapeza uthenga wachilendo, tamuphunzitsa kufufuta mauthenga, osati kusiya kuwalandira. Ichi ndicho chifukwa chake sindinathe kungouza mlamu wanga kuti amulande. Mwana wolandidwa foni amakabwereka ya mnzake kusukulu, ndipo zikamuvuta kumeneko sangabwere kudzanena, poti ayamba wavomera kuti anaphwanya lamulo.

Malamulo alipo, ndipo ndi olimba pa pepala. Gawo 138 la Penal Code, buku la malamulo a milandu, limati wogona ndi mwana wosakwana zaka 16 akhale m'ndende zaka zosachepera 15. Children's Code Act ya 2022 inasonkhanitsa malamulo a ana pamodzi, ndipo, ambiri sadziwa, imaletsanso kulanga mwana pomumenya. Lamulo la milandu ya pa intaneti la 2021 linalowedwa m'malo ndi malamulo awiri omwe Pulezidenti Hakainde Hichilema anasaina mu Epulo 2025. Malamulowa anautsa mkangano, maloya ndi atolankhani akudandaula kuti akupatsa boma mphamvu zambiri zomvetsera anthu, koma pa nkhani ya ana ndi omveka: kupanga, kusunga kapena kufalitsa zithunzi zolaula za mwana ndi mlandu, kunyengerera mwana pa intaneti ndi mlandu. Amayi a m'magulu a WhatsApp amve bwino apa. Kutumiza vidiyo ya mwana wa sukulu ku gulu lina "kuti makolo achenjere" ndi kufalitsa komweko, ndipo mwanayo mwamuvulanso kachiwiri.

Zikachitika, musalipire, chifukwa wolipidwa kamodzi amabweranso. Musafufute mauthenga mwaukali, poti umboni ndi womwewo. Jambulani mauthengawo ndi nambala yake, kenako mutsekereni. Nambala ya 116 ya Childline ndi yaulere, ndipo mwana angaimbe yekha. Ku polisi funsani a Victim Support Unit. Palinso Take It Down, ya bungwe la ku America la NCMEC, yomwe imathandiza wosakwana zaka 18 kuchotsa chithunzi chake. Chithunzicho sichichoka m'foni. Makina amangopanga nambala yapadera yochizindikiritsa, ngati chidindo cha chala, ndipo Facebook, Instagram ndi TikTok akapeza chofanana nacho amachichotsa. M'mauthenga a WhatsApp sifikamo, ndiye si mankhwala a zonse.

Ena akuti boma lingoletsa basi, monga ku Australia, komwe lamulo loletsa osakwana zaka 16 kukhala ndi maakaunti a masamba amchezo linayamba kugwira ntchito pa 10 Disembala 2025, ndipo chilango chimagwera kampani, osati mwana kapena kholo. Mfundo yoika katundu pamutu pa makampani ndikuivomereza. Komiti ya United Nations yoona za ufulu wa ana inanenanso mu 2021 kuti ufulu wa mwana umagwira ntchito pa intaneti, wotetezedwa ndi wopeza nawo mwayi womwe. Koma lamulo lotere likafika ku Mtendere lidzapeza akaunti ya mayi wa zaka 38. Ndiponso tikukumbuka pa 12 Ogasiti 2021, tsiku la chisankho, WhatsApp ndi Facebook zitatsekedwa. Pofika madzulo theka la Lusaka linali litaphunzira mawu akuti VPN, njira yozembera kutsekako, ndipo m'nyumba zambiri amene anaikira makolo ake anali mwana wa giredi 8. Family Link ya Google imathandiza kwa mwana wamng'ono wokhala ndi foni yakeyake, kholo limatha kuika maola ndi kuvomereza zomwe akutsitsa. Pa foni yobwerekana ndi mwana wochenjera kuposa mwini foni, musaidalire kwambiri.

Mlamu wanga sanamulande. Anasintha nambala yachinsinsi ya ndalama, ndipo ku buthi amapita yekha. Foni imagwiritsidwa ntchito pabalaza, ikakwana 9 koloko usiku imakagona kuchipinda kwa mwini wake. Panali kulira sabata yathunthu. Chovuta kwambiri chinali lonjezo lomwe ndinamukakamiza kupereka pamaso panga, lakuti chilichonse chomwe mwanayo adzabweretse yekha, ngakhale chonyansa chotani, sadzamenyedwa nacho ndipo foni sadzaletsedwa. Anavomera monyinyirika. "Alamu, ana a masiku ano mukuwalera ngati mazira."

Patapita milungu itatu, akuphika nsima, mtsikanayo anaima pakhomo la khitchini foni ili m'manja. "Amayi, munalonjeza." Nambala yachilendo inali itamutumizira talktime kawiri, ndipo tsopano inkapempha chithunzi ali mu yunifomu. Mlamu wanga akuti dzanja linauma pa mthiko, ndipo anavundula nsimayo mpaka inalimba ngati mwala asanatsegule pakamwa. Kenako anati, "Werenga mokweza, kuyambira pamwamba." Atamaliza, mwanayo ndiye anaonetsa amayi ake kajambulidwe ka mauthenga. Nzeru yotsatira inali ya mayi wa pamsika. Analemba nambalayo ngati akufuna kuitumizira K1, n'kudikira kuti foni ionetse dzina la wolandira asanatsimikize. Dzina linatuluka. Linali la bambo wina amene amagula kapenta pa tebulo lake Lachisanu lililonse.